MTENGO WA M'TAUNI NDI WANTCHITO WA BOMA

  

Nkhani ya lero ndi ya mitengo ya m'mizinda, ndipo iyambira pa phiri la Soche ku Blantyre. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo m'chigawo cha kum'mwera. Nthaka ya pa phiri la Soche itakhuta madzi inamasuka, ndipo matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika ndi mkokomo nkukwirira nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi eni ake. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Maliro amenewa sanaiwalike, ndipo sayenera kuiwalika.

Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti mitengo ikadaletsa mvula imene ija, pakuti mvula yotere imagumula ngakhale mapiri a nkhalango. Koma pali zinthu ziwiri zimene zinakulitsa tsokalo, ndipo zonse ziwiri zinachitika ndi manja a anthu. Choyamba, phirilo linali litametedwa, nkhalango yake itathera ku nkhuni, ku makala ndi ku minda. Chachiwiri, nyumba zinali zitakwera phiri mpaka kumangidwa m'makwawa momwe madzi akhala akuyenda chiyambire. Akale anati madzi saiwala khwawa. Mau amenewa anakwaniritsidwa ku Chilobwe.

Kuti nkhaniyi imveke bwino nkofunika kuyang'ana kumbuyo. Pa kalembera wa 1977, mzinda wa Blantyre unali ndi anthu pafupifupi 219,000. Pa kalembera wa 2018 anthuwo anali atafika 800,000, pamene Lilongwe, yomwe inakhala likulu la dziko mu 1975, inali ndi anthu pafupifupi 990,000. Anthu onsewa amafuna malo omangapo nyumba, njerwa zootcha, milimo ya denga, ndiponso moto wophikira tsiku ndi tsiku. Mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru sanakule pamodzi ndi mzindawo. Ali monga analiri kale, ndipo ndiwo akhala akulipira mtengo wa kukula kwake.

Boma silinakhale chete pa zaka zonsezi. Mu 1976, pansi pa utsogoleri wa Dr. H. Kamuzu Banda, tsiku la 21 Januwale linapatulidwa kukhala tsiku lodzala mitengo m'dziko lonse, ndipo ana a sukulu, ogwira ntchito m'maofesi ndi anthu a m'midzi ankatuluka ndi makasu. Mu 1986 inayamba ntchito yodzala nkhalango za nkhuni za mzinda wa Blantyre, ndi thandizo lochokera ku dziko la Norway. Komabe m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, mitengo ya paini imene inaveka phiri la Ndirande inadulidwa m'kanthawi kochepa, ndipo phirilo linatsala miyala yokhayokha. Achikulire a ku Ndirande akukumbukira mthunzi ndi timitsinje ta m'phirimo. Ana awo akudziwa phiri la dazi. Phunziro lake ndi lowawa koma lomveka: chimene chadzalidwa zaka makumi awiri chingathe kutha m'chilimwe chimodzi ngati anthu okhala pafupi nacho sachiyesa chawo.

Tsono mfundo yaikulu ya nkhaniyi ndi iyi. Mtengo wa m'tauni suli chokongoletsa chabe monga maluwa a pakhomo pa ofesi. Mtengo ndi wantchito wa Boma, wogwira usana ndi usiku, wosalandira malipiro, wosapempha tchuthi kapena nyumba. Ntchito yake ikaima, Boma ndi anthu amalipira ndi ndalama, ndipo nthawi zina amalipira ndi miyoyo. Choncho mtengo uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi msewu, mlatho, mpope wa madzi ndi nthambo ya magetsi, pakuti zonsezi ndi chuma cha mzinda.

Ntchito yoyamba ya wantchito ameneyu ndiyo kugwira nthaka ndi madzi. Dontho la mvula likagwa pa nthaka yopanda kanthu limaswa dothi, ndipo madzi amathamanga pamwamba atanyamula dothilo. Likagwera pa mtengo, limayamba lasweka pa masamba, nkutsika pang'onopang'ono, nkupeza zinyalala za masamba zimene zimalichedwetsa kufikira litalowa pansi. Mizu imamanga dothi monga luzi limangira mpanda, ndipo imatsegula tinjira tolowera madzi. Madzi olowa pansiwo ndi amene amatuluka pa kasupe ndi m'chitsime m'mwezi wa Okutobala. Phiri lopanda mitengo limataya madzi ake onse tsiku limodzi, nkudzaza ngalande za m'misewu ndi mchenga, nkukumba maenje m'tala, nkugwetsa zimbudzi ndi kusakaniza zonyansa ndi madzi akumwa. Pamenepa mpomwe pamayambira matenda a kolera.

Ntchito yachiwiri ndiyo kusunga madzi a m'mipope. Mzinda uliwonse waukulu wa dziko lino umamwa kuchokera ku nkhalango. Lilongwe imamwa madzi a mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama nkudzaza madamu awiri a Kamuzu. Zomba imamwa madzi a damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba. Mzuzu imamwa madzi a damu la Lunyangwa, lotetezedwa ndi nkhalango ya Kaning'ina. Blantyre ili ndi damu la Mudi m'tsinde mwa phiri la Ndirande, koma damuli limapereka gawo laling'ono chabe la madzi a mzindawo. Madzi ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo ulendo wonsewo ndi wokwera chitunda ndi mphamvu ya magetsi. Madzi akabwera ndi matope amafuna mankhwala ambiri owayeretsa, amadya makina opopera, ndipo damu lodzala dothi limasunga madzi ochepa. Ndalama zonsezi zimathera pa bilu ya madzi ya banja lililonse. Nkhalango ya Dzalanyama itafika poopsa chifukwa cha ootcha makala, Boma linatumizako asilikali mu 2015. Dziko likafika potumiza asilikali kukalondera mitengo, ndiye kuti lazindikira kuti mitengoyo ndi madzi a likulu lake.

Ntchito yachitatu ndiyo kuteteza magetsi. Kuyambira 1966, pamene makina a ku Nkula anayamba kugwira ntchito, magetsi ambiri a dziko lino akhala akuchokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Dothi lokokoloka m'mapiri ndi m'minda limathera m'madamu a malo amenewa, nkuchepetsa madzi oyendetsa makina, ndipo kulichotsa kumadya ndalama zambiri chaka ndi chaka. Mu Januwale 2022 madzi osefukira a namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mphamvu ya magetsi yokwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima, banja la m'tauni limagula makala ambiri. Makala akagulidwa ambiri, mitengo ya m'mbali mwa Shire imagwa yambiri. Mitengo ikagwa, matope amachuluka ndipo magetsi amazimanso. Ili ndi gudumu lozungulira, ndipo silidzaima lokha.

Ntchito yachinayi ndiyo kusamala thupi la munthu. Malata, tala ndi simenti zimasunga kutentha kwa dzuwa, nchifukwa chake tauni imatentha kuposa mudzi woyandikana nayo. Mtengo umaphimba zimenezi ndi mthunzi, ndiponso umatulutsa chinyezi m'masamba ake chimene chimaziziritsa mpweya. Masamba amagwira fumbi la m'misewu, ndipo mzere wa mitengo umathyola mphamvu ya mphepo imene imasasula madenga a sukulu ndi a matchalitchi mvula ikamayamba. Amene amafuna mthunziwu koposa si bwana wa m'galimoto. Ndi mayi wogulitsa tomato pamsika, wodwala wodikira pa mzere ku chipatala, mwana woyenda pansi kuchokera ku sukulu masana, ndi wakabaza wodikira wokwera. Mzinda wa Lilongwe unakonzedwa kuti ukhale mzinda wa mitengo, wokhala ndi malo obiriwira pakati pa madera ake ndi nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Malo otere akagawidwa kukhala mapuloti, wolemera amagula makina oziziritsa nyumba, koma wosauka amangopsa.

Ntchito yachisanu ndiyo kubweretsa ndalama. Mtengo wa mango, wa mapeyala kapena wa magwafa pakhomo ndi chakudya cha ana ndiponso ndalama ya sopo ndi makope. Kalipentala wa ku Ndirande kapena ku Mchesi sangakhome chitseko, mpando kapena bokosi popanda thabwa la mbawa, la mlombwa kapena la paini. Matabwa akamachokera kutali, mtengo wa katundu wake umakwera ndipo ntchito imachepa. Nkhalango yosamalidwa imapereka milimo, nsungwi, uchi, bowa, masuku ndi mankhwala popanda kuigwetsa. Nazale ya mbande ndi ntchito ya achinyamata. Ngakhale nyumba ya lendi yokhala ndi mthunzi imapeza wolowamo msanga kuposa yoima pa dzuwa.

Wantchito wotereyu, wogwira ntchito zisanu popanda malipiro, ndi amene akudulidwa kuti akhale thumba la makala. Pamenepa mpofunika kunena zoona, ngakhale zili zowawa. Nkosavuta kuloza chala mnyamata wokankha njinga ya matumba atatu kuchokera ku Neno kapena ku Mwanza, kapena wotsika ku Dzalanyama m'bandakucha. Koma mnyamatayo saphikira makalawo. Amene amawagula ndi mabanja a m'tauni, ndipo pakati pa mabanjawo pali a ogwira ntchito m'Boma ndi a atsogoleri a chipani. Uvuni wa dothi umatentha nkhuni zolemera kangapo kuposa makala otulukamo, ndipo mitengo yokondedwa ndi ootcha ndi yachilengedwe monga mombo, muwanga ndi tsanya, imene imatenga zaka zambiri kuti ikule. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 zilango zake zinakhwimitsidwa. Koma lamulo limafooka pamene galimoto ya Boma ibwera kuchokera ku ulendo wa ntchito itasenza matumba kumbuyo, kapena pamene thumba lidutsa pa chipata cha pamsewu chifukwa cha kandalama koperekedwa m'manja. Wogwira ntchito m'Boma wochita zotere akugwetsa ndi dzanja lamanzere chimene Boma lake likumanga ndi dzanja lamanja.

Sikuti banja lileke kuphika. Koma amene amalandira malipiro pa mwezi ndiye woyamba amene angathe kugula mbaula yosatha nkhuni zambiri, gasi, kapena makala a chilolezo ochokera ku mitengo yodzalidwa. Iye akapanda kuyamba, sangayembekeze mayi wa ku Mbayani kapena ku Mtandire kuti ayambe.

Palinso nkhani ya malo. Nyumba za m'mapiri ndi za m'mbali mwa mitsinje sizimera zokha ngati bowa. Pali wina amene analoza malowo, wina amene analandira ndalama, ndi wina amene anaona maziko akukumbidwa nkuyang'ana kumbali. Mtsogoleri amene agawa puloti m'khwawa kapena m'nkhalango yotetezedwa pofuna kukondweretsa anthu, sakuwathandiza anthuwo. Akuwagoneka m'njira ya madzi. Kutchuka kopezeka mwa njira imeneyi kumatha usiku umodzi wa mvula. Mwambi umati nkhuyu zodya ana zinapota akulu, koma pa nkhani ya mitengo zinthu zatembenuka: nkhuyu akudya ndi akulu, ndipo amene akupotedwa ndi ana.

Tsono achite chiyani anthu a udindo? Chaka chilichonse dziko limakhala ndi nyengo yodzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo mu 2016 Malawi analonjeza pamaso pa maiko kubwezeretsa nthaka ndi nkhalango pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Kudzala kumachitika ndithu. Akuluakulu amafika, nyimbo zimayimbidwa, mbande imaikidwa m'dzenje, zithunzi zimajambulidwa, ndipo chiwerengero cha mitengo yodzalidwa chimalembedwa m'lipoti. Chimene chimasowa ndi munthu wobwerera pamalopo m'mwezi wa Okutobala kukaona ngati mbandeyo ili moyo. Pakati pa Januwale ndi Okutobala pali udzu wotsamwitsa, mbuzi, chiswe, moto wa osaka mbewa ndi dzuwa la chilimwe. Mbande yosapaliridwa, yosatchingidwa ndi yosathiriridwa siona mvula yachiwiri. Dziko silipindula ndi mitengo yodzalidwa. Limapindula ndi mitengo yokula. Ngakhale mkungudza wa ku Mulanje, umene unalengezedwa mu 1984 kukhala mtengo wa fuko, sunapulumuke chifukwa cha ulemu umenewo, ndipo unadulidwa mpaka ikuluikulu inatsala yowerengeka ndi zala. Dzina ndi mwambo wa tsiku limodzi sizisunga mtengo. Umasungidwa ndi munthu wodziwika amene adzafunsidwa ukafa.

Chifukwa chake ofesi iliyonse, sukulu iliyonse, chipatala chilichonse ndi nthambi iliyonse ya chipani iyenera kukhala ndi kaundula wa mitengo yake, wosonyeza malo, mtundu wa mtengo, tsiku lodzala ndi dzina la wousamala. Lipoti lopita kwa akuluakulu lisathere pa chiwerengero cha Januwale. Linene mitengo imene yapezeka yamoyo kumapeto kwa chilimwe, ndipo yakufa ibwezeredwe mvula ikangoyamba. Nthambi yodzala mbande 50 nkukulitsa 45 yaposa nthambi yodzala 5,000 nkukulitsa 20, ndipo ulemu upite kwa yoyambayo.

Kudzala nako kuli ndi nzeru zake, ndipo alangizi a za nkhalango alipo kuti afunsidwe. Safunsa anadya phula. Mbande idzalidwe nthaka itanyowa bwino, makamaka mu Disembala ndi Januwale, kuti imere mizu mvula isanathe. Dzenje likhale lalikulu, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa libwerere pansi, ndipo pepala la pulasitiki lichotsedwe. Udzu wozungulira ulimidwe, ndipo njira zotchinga moto zilambulidwe udzu usanaume. Mtengo uliwonse uli ndi malo ake. Bulugamu amakula msanga ndipo amapereka milimo ndi nkhuni, koma amamwa madzi ambiri, choncho asadzalidwe pa kasupe, m'dambo kapena m'mbali mwa mtsinje. Malo amenewo ndi a katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi, pamodzi ndi udzu wa vetiva wogwira gombe. Mitengo ya mizu yotambalala monga kachere ikhale patali ndi maziko a nyumba ndi mipope, ndipo mitengo yaitali isadzalidwe pansi pa nthambo za magetsi, kuopa kuti idzadulidwa isanapereke mthunzi. Pa mabwalo a sukulu ndi pakhomo payenera mitengo ya zipatso, pakuti mtengo wodyetsa mwana sasowa wouteteza. Ndipo pa mapiri pamene zitsa za mitengo yachilengedwe zikadali zamoyo, njira yachangu ndi yotsika mtengo ndiyo kuzitchinjiriza ku moto, ku nkhwangwa ndi ku khasu, nkuzisiya ziphuke zokha.

Makhonsolo a mizinda ali ndi gawo lawo. Mapulani a nyumba zatsopano asavomerezedwe popanda malo a mitengo. Msewu ukamakuzidwa ndipo mitengo ikagwetsedwa, ndalama zodzala ndi kulera ina zilembedwe m'pangano la ntchitoyo, ndipo womanga asamasulidwe kufikira mitengoyo itagwira. Malo obiriwira, manda ndi magombe a mitsinje ya Mudi, Nasolo, Lingadzi ndi Likangala ayezedwe, aikidwe malire ooneka, ndipo asagulitsidwe. Mabanja okhala m'malo oopsa apatsidwe malo ena enieni, okhala ndi madzi ndi njira, pakuti kuuza munthu kuti asamuke popanda kumuonetsa kopita nkungotaya mau.

Atsogoleri a chipani ali ndi chida chimene ofesi ilibe, ndicho kudziwana ndi anthu khomo ndi khomo. Wapampando wa nthambi amadziwa amene akuotcha njerwa m'mbali mwa mtsinje, amene akulima m'phiri, ndi amene akugulitsa malo osayenera. Akalankhula pamodzi ndi mafumu, abusa, mashehe ndi aphunzitsi, anthu amamva. Amayi, amene amadziwa mtengo wa makala ndi kutalika kwa ulendo wa kumadzi kuposa wina aliyense, apatsidwe mipando m'makomiti a nkhalango, osati kuitanidwa kudzavina kokha. Achinyamata apatsidwe nazale ndi gawo la phindu lake. Ndipo pa ntchito imeneyi pasakhale kusankhana, pakuti matope a ku Soche sanafunse munthu khadi la chipani chake, ndipo mthunzi wa mbawa sufunsa. Mutu umodzi susenza denga.

Mbawa yodzalidwa chaka chino sidzapereka thabwa kwa woidzala, ndipo mwina mthunzi wake weniweni udzakhala wa adzukulu ake. Koma mitengo ikuluikulu imene ikupereka mthunzi lero m'misewu ya Zomba ndi pa mishoni ya Blantyre inadzalidwa ndi kuleredwa ndi anthu amene sanakhale pansi pake nthawi yaitali. Mbadwo uno wadya za iwowo, ndipo uli ndi ngongole. Aliyense wa udindo, pobwerera ku ofesi kapena ku nthambi yake, ayambe ndi kuwerenga mitengo imene inadzalidwa pamalo pake nyengo yapitayi, aone yamoyo ndi yakufa, ndipo alembe dzina la munthu pa uliwonse wotsala. Mvula idzabweranso, ndipo idzapeza mapiri ndi makwawa monga anthu awasiyira.